Galimoto ya Baba Siinalowe mu Munich

Ndinachoka ku Al Mansoura, dera la mumzinda wa Doha, m'mamawa, nditangomaliza kuswali. M'chipinda chathu tinkagonamo anthu asanu ndi mmodzi, koma amene anali maso ndi a Phiri okha, mlonda wa pa hotela ina ku Bin Mahmoud. Anali atangoweruka, akuvula majombo.

"Ndiye wapitadi ku Ulaya, Sadiki?"

"Ndapita, madala. Amayi a kuntchito akukachitidwa opaleshoni ya msana."

"Pasipoti wasunga wekha?"

"Ili m'thumbamu."

"Zinthu zasintha. Ife tikubwera kuno, pasipoti unkangoionera pa eyapoti, bwana n'kuitenga."

Chinali chaka chachiwiri cha korona, ndipo malamulo a ntchito ku Qatar anali atangosintha. Munthu ankatha kusiya bwana n'kupita kwa wina osapempha kaye kalata yomumasula. M'chipinda mwathu nkhani inali yomweyo, yoti uje warizayina, uje wajoina kampani ya mabasi. Ine ndinali dalaivala wa banja lina ku dera lotchedwa Old Airport, ndipo pa zaka zonse zimene ndinagwirako ntchito, mawu oti "ayi" ndinali ndisanawatulutsepo m'nyumba imeneyo.

Panja kunali kutatentha kale. Ndinamwa tiyi wa karaki wa riyali imodzi pa kashopu ka Mmwenye, ndi chapati chokulungamo dzira, kenako ndinatsikira ku metiro, sitima yapansi pa nthaka. Pakhomo mlonda anayang'ana kaye foni yanga ngati apu ya korona ikuonetsa girini. Mariyali awiri anandifikitsa ku Old Airport.

Abwana anga tinkangowatchula kuti Baba, ndipo akazi awo Mama. Baba anali nkhalamba yowongoka, yosakonda kubwereza mawu. Mama anali atakhala pa chikuku kwa nthawi yaitali, ndipo madokotala anawauza kuti akachitidwe opaleshoni ku Munich, m'dziko la Germany. Wowasamalira anali Asiyatu, mayi wa ku Machinga. Ulendowu unali wa anthu anayi ndi galimoto imodzi.

Galimotoyo inali itatsogola kale. Inali ya dizilo, yaitali, ya m'chipululu, ndipo Baba anali atakhala nayo zaka zoposa makumi awiri. Mpando wakumbuyo anaukonzetsa kuti Mama azitsamira osamva ululu. Mwana wawo, Nasser, anayesa kunena kuti ku Germany magalimoto ahayala ndi osayamba, koma Baba anangoti, "Amayi ako sakwera galimoto ya eni." Choncho sabata yam'mbuyo ndinakaisiya ku kago, kokwezera katundu pa eyapoti, thanki ili pafupifupi yopanda kanthu, n'kuikweza ndege. Mtengo wa tikiti yake sindinafunse.

Pa eyapoti anationa mapepala a katemera ndi oti tayezetsa. Baba ndi Mama anakhala kutsogolo kwa ndege, ine ndi Asiyatu kumbuyo. Anatipatsa mpunga wa nkhuku m'kabokosi. Asiyatu anayamba waununkhiza.

"Achimwene, komwe tikupitaku nyama yozinga ikapezeka?"

"Tikapanda kuipeza, mazira aliko, achemwali."

Tinatera masana, kukuwaza mvula. Tinagona pa hotela ya pafupi ndi eyapoti, chifukwa ku chipatala ankatiyembekezera tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu.

M'mawa tinapita ku kago. Amene anatipatsa makiyi anali bambo wa ku Tunisia amene wakhalitsa ku Germany. Anazungulira galimotoyo akuisisita ngati ng'ombe ya pamsika, kenako anagogoda pakona ya galasi lakutsogolo.

"Hajji, sitika palibe apa."

"Sitika ya chiyani?"

Anafotokoza m'Chiarabu, pang'onopang'ono, moti nanenso ndinatolapo. Pakati pa mzinda wa Munich salola galimoto yotulutsa utsi wambiri. Yololedwa imakhala ndi sitika yobiriwira pagalasi, ndipo lamuloli silisankha, ya komweko ndi yochokera kunja chimodzimodzi. Munthu wanzeru amafunsiratu asananyamuke kwawo, n'kutumiza mapepala a galimoto kuti aone injini yake.

"Ndiye gulani sitikayo," anatero Baba, dzanja likupita m'thumba.

"Ndi yotchipa, Hajji, chakudya chamasana chimaiposa. Koma injini iyi sangaipatse. Ikanakwana zaka makumi atatu akanailola ngati galimoto yamakedzana. Panopa ndi yakale, koma sinakalambe mokwanira."

"Mafi mushkila," anatero Baba, kutanthauza kuti palibe vuto. "Yala, Sadiki, tiye."

Ndikuthira mafuta a m'chigubu amene anatikonzera, bamboyo anandiyandikira n'kulankhula chapansipansi m'Chingerezi. "Apolisi akaimitsa, amalemba amene wagwira chiwongolero. Viza yako ndi ya masiku ochepa, m'bale wanga. Udziganizire wekha."

Msewu wochoka ku eyapoti ndi wotakasuka, ndipo amayenda kumanja ngati ku Doha. Kusiyana kwake n'koti palibe amene anandiimbira hutala. Mbali zonse kunali minda ya chimanga chachitali, chobiriwira bii, chopanda mlonda kapena chiwopsezo. Asiyatu anakanikiza mphumi pawindo. Nditamuuza kuti ndinamva zoti chimenechi amalimira ng'ombe, anangoti, "Astaghafirullah," n'kubwerera pampando.

Titalowa mumsewu waukulu wozungulira mzinda, ndinachiona chikwangwani. Chinali choyera, chokhala ndi mkombero wofiira, ndipo m'munsi mwake anajambula sitika yobiriwira ija. Chinaima pa msewu uliwonse wolowera mkati. Foni inati ndikhote. Ndinapitirira. Inatinso ndikhote pa msewu wotsatira, ndipo napo ndinapitirira. Patsogolo pang'ono panali pomwetsera mafuta. Ndinalowa n'kuzimitsa injini.

"Wasochera?" anafunsa Baba.

"Sindinasochere, Baba. Njira ndi imene tadutsayo. Koma sindilowamo."

Mvula inkagogoda padenga.

"Chindapusa ndilipira ine."

"Mulipira, Baba, koma dzina alemba langa."

"Malamulo atsopano aja ndi amene akukupatsa mwano?"

Baba anasiya kuyendetsa okha maso awo atayamba kuchita nkhungu, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Anatsika, n'kumenyetsa chitseko, n'kuimbira Nasser ku Doha. Ndinkawaona pagalasi akuyenda uku ndi uku, jekete ikunyowa. Nasser anayesa kufuna takisi yotha kunyamula chikuku. Inapezeka, koma yoti ifika madzulo. Kuphonya nthawi ya ku chipatala kukanatanthauza kubwerera kumapeto kwa mzere, ndipo m'masiku a korona mzerewo sunali waufupi.

Mayi wogulitsa mu shopu ya pamalopo anatuluka, chifukwa tinali titatseka popopera matayala. Anali wachikulire, magalasi ali lende pachifuwa. Anayang'ana nambala ya galimoto ya zilembo za Chiarabu, anayang'ana pagalasi, n'kugwedeza mutu ngati waona matenda amene amawadziwa kale. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati changa, choncho tinamvana bwino. Anati olumala amaloledwa kulowa ndi galimoto iliyonse, koma pamafunika khadi la boma la kumeneko. Kenako analoza kumene tinachokera.

"Bwererani pang'ono. Pafupi ndi bwalo la mpira pali malo aakulu oimikapo magalimoto. Sitima imadutsa pomwepo, ndipo chikepe chilipo. Chipatala chanucho chili pa njanji yomweyo."

Nditamasulira, Baba anati, "Mkazi wanga sakwera sitima."

Mama anali atatsinzina, akuyendetsa mikanda ya tasibihi m'zala. Anatsitsa galasi n'kuitana amuna awo.

"Abu Nasser, lowani m'galimoto, mukunyowa. Ine ndabwera kudzachira, sindinabwere kudzaonetsa galimoto. Msanawu ndi wanga." Kenako anayang'ana ine. "Sadiki, tembenuza."

Ndinadikira mpaka Baba atakhala pansi. Mayi uja anatigulitsa masiki oyera okhuthala, akuti mu sitima za kumeneko ansalu sankalola.

Malo oimikapo magalimoto anali osanjikizana, ndipo yathu inatsala pang'ono kugunda denga. Ine ndi Asiyatu tinawatsitsira Mama pa chikuku. Pamakina ndinagula tikiti imodzi ya gulu, ya tsiku lonse, nditayamba ndalakwitsa kawiri. Nditabwerera n'kufuna kugwira chikuku, Baba anakankha dzanja langa. Sanandiyang'ane. Anagwira okha.

Sankadziwa kukankha. Chikuku chinkapita cham'mbali ngati ngolo ya tayala limodzi lophwa, ndipo pakhomo la sitima timatayala takutsogolo tinakodwa pampata. Bambo wina wovala ovolosi ya penti anawerama, n'kunyamula kutsogolo, n'kubwerera pa foni yake osadikira zikomo. Mkatimo mtsikana wina anawapatsa Baba mpando. Iwo anakana, n'kuima chogwira chikuku ndi manja onse awiri.

Sitima inayenda pamtunda pang'ono kenako n'kulowa pansi. Mama ankayang'ana chilichonse, mayi woluka juzi, mnyamata wogona pakamwa pali yasa mkati mwa masiki, galu wovala kajekete amene anagona pamapazi a mbuye wake. Atamuona galuyo anakoka mkono wa Asiyatu, mapewa akugwedezeka. Pa zaka zonse zimene ndinawayendetsa, ndinkangowaonera pa kagalasi. Sindinkadziwa kuti amaseka chonchi.

Chikepe chinatitulutsira pakati pa mzinda. Mvula inali itakata. Kunali njinga zakapalasa zambirimbiri, ndipo magalimoto onse amene anaima m'mbali mwa msewu anali ndi kasitika kaja pakona. Ndinamva fungo la masamba onyowa ndi la buledi. Baba anakankha mtunda wonsewo, akupuma movutikira, ndipo palibe amene anayerekeza kuwalandira.

Tinafika nthawi isanakwane. Pakhomo la chipatala namwino anatiyeza kutentha kwa thupi, n'kuimika chala chimodzi. Chifukwa cha korona, wodwala ankalowa ndi munthu mmodzi yekha. Asiyatu anasendera kutsogolo, chikwama cha mankhwala chili paphewa, pakuti ndiye ankawasambitsa ndi kuwaveka tsiku lililonse. Mama anamugwira dzanja.

"Iwe kapume, mwana wanga. Amene wakankha kuchokera ku sitima amalize."

Asiyatu anakoleka chikwamacho paphewa la Baba. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, n'kutsekanso.

Tinakhala pa benchi kutsidya kwa msewu. Ndinagula buledi wawo wopindidwa ngati mfundo, wowaza mchere wamibulu, ndi khofi. Bulediyo anali wolimba kunja, koma anatsikira.

"Achimwene, ntchito yanu yatha imeneyi," anatero Asiyatu.

"Kaya."

"Mukanangolowa. Mwina apolisi sakanationa."

"Mwinadi."

"Nanga mutachotsedwa?"

"Mabasi aliko ku Doha."

Ndinanena molimba mtima, koma khofi anazizirira m'manja. Ndinkaganiza za ana anga ku Balaka, ndi sukulu imene inali pafupi kutsegulidwa.

Baba anatuluka dzuwa litapendeka, okha, chikwama chija chikadali paphewa. Anaima patsogolo pathu kwa kanthawi, akuyang'ana njinga zodutsa.

"Amugoneka. Opaleshoni ndi mkuja." Anatulutsa makiyi a nyumba m'thumba, n'kuwabwezeranso. "Galimoto ukaibweze kwa Mtuniziya uja. Nasser watipezera nyumba pafupi pompano. Khalasi."

Khalasi ndiye kuti yatha. Nkhani ya pomwetsera mafuta sanaitchulenso, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tinakhala ku Munich milungu ingapo. Ntchito yanga inasanduka yonyamula zogula ndi kuperekeza Baba wapansi popita ku chipatala. Nyama yozinga tinaipeza kwa Aturuki pafupi ndi siteshoni yaikulu. Opaleshoni inayenda bwino, ndipo pobwerera Mama anayenda okha ndi ndodo kuchoka pa chikuku kufika pa mpando wa ndege. Galimoto inatitsatira pambuyo. Ulendo wake wonse wa ku Ulaya unali wochoka ku kago, kuzungulira m'mphepete mwa mzinda, n'kubwereranso ku kago.

Ndinakaitenga ku eyapoti ya Doha tsiku lina masana. Kunkatentha moti chiwongolero ndinachigwira ndi kansalu. Injini inavuta pang'ono, kenako inalira. Nditaima pa maloboti oyamba n'kupondanso moto, ndinayang'ana pa kagalasi. Kumbuyo kunatuluka chiutsi chakuda, n'kukuta Mnepali wina amene ankasesa m'mbali mwa msewu. Iye anangotembenuza nkhope n'kupitiriza kusesa.

Amene mukufuna kupita ndi galimoto kunja, yambani mwafunsa ngati mzinda umene mukupitawo ukailole. Ine zimenezo ndinaziphunzira pa chikwangwani. Koma utsi uja ndinali nditautulutsa zaka zonsezo m'misewu yomweyi, m'maso mwa anthu oyenda pansi ngati ine ndikaweruka, ndipo tsiku limenelo linali loyamba kuuona.