Sajeni Lawson ndi Chombo Chachiwiri

A Lawson Kamphambe anali munthu woti ukawauza kuti imani apa, udzawapeza pomwepo ngakhale kugwe matalala. Amalawi anzawo a ku Ongar, dera la mumzinda wa Dublin ku Ireland, ankawaseka nazo, ndipo mkazi wawo Magdalene ankangoti usilikali ndi matenda osamva mankhwala. Anabadwira ku Ntcheu, nalowa usilikali ndevu zisanamere, ndipo pa nkhondo ya ku Mozambique anali m'gulu lomwe linatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala.

Nkhani ya kumeneko sankaikonda. Tsiku lina zigawenga zitayandikira, kaputeni wawo anakwera galimoto yokhayo yomwe inalipo, nawauza kuti asasunthe pamlatho, lole ikubwera kudzawatenga. Anadikira. Chakudya chinatha, mnzawo wovulala anafera m'manja mwawo, lole osaoneka. Otsalawo anabwerera wapansi. Wina akanatolapo phunziro loti mawu a bwana si Uthenga Wabwino, koma a Lawson ayi. Iwo ankati woipa anali kaputeniyo, lamulo linalibe mlandu.

Ku Dublin anafika atapuma usilikali, ndipo anakhala zaka zambiri kumalo osungirako anthu opempha chitetezo, kudya zomwe apatsidwa, kugona pomwe alozeredwa, osawiringula. Mapepala atatuluka anayamba ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Umu ndi momwe anadziwanirana ndi a Gerard.

A Gerard anali mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale. Mkazi wawo anamwalira kale, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ku Coolock, dera lina la Dublin, kuseri kwa mafakitale. Moyo wawo wonse anauthera pofufuza za munthu mmodzi, Don Baltasar Ochoa, bwanamkubwa wa ku Spain amene ankalamulira doko lina ku South America pamene eni dziko anadzuka kufuna ufulu. Mutu usanasokonezeke ankakonda kusimba nkhaniyi a Lawson akuwameta ndevu. Ankati Don Baltasar analowa usilikali ali mnyamata, namenya nkhondo za mfumu yake kwawo ndi kutsidya kwa nyanja, udindo uliwonse akuugula ndi chipsera. Madera ena onse atagwa, iye anadzitsekera m'linga la padoko, nakana kugonja kwamtuwagalu. Anthu ake anadya akavalo, akavalo atatha anayamba makoswe. Zombo za mfumu zitafika, anakwera pamodzi ndi akuluakulu anzake a ku Spain.

"Nanga asilikali a m'dziko momwemo, amene ankamumenyera nkhondo?" anafunsa a Lawson tsiku lina, lumo lili m'manja.

"Anawasiya pagombe atawalonjeza chombo chachiwiri," anayankha a Gerard. "Mabuku sanena zomwe zinawaonekera. Ndinafufuza, Lawson, koma sindinapeze ngakhale dzina limodzi."

Kuyambira tsiku limenelo a Lawson anawakonda madalawo chifukwa choti anavutikako kufufuza.

Matenda oiwala atakula, a Gerard anaiwala kuzimitsa chitofu, anaiwala nkhope ya mwana wawo Susan, koma Don Baltasar sanamuiwale. Anasanduka iyeyo. Nyumba inakhala linga, ndipo phokoso la malole a kumafakitale linakhala mizinga ya adani. Osamalira ena ankabwezedwa pakhomo ndi ndodo. A Lawson okha ankafika m'mawa, kugogoda, kumenyetsa chidendene pansi, kuchita sawatcha n'kunena kuti, "Sajeni Lawson, Bwana, linga lili bwino." Apo chitseko chinkatseguka, mankhwala n'kumwedwa. Wongoona akanati ndi sewero, koma a Lawson sankaseka. Aka kanali koyamba kukhala ndi mtsogoleri amene sankagwira supuni asanafunse ngati sajeni wadya.

M'nyengo yozizira a Gerard anagwa pamasitepe, ndipo Susan anawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba. Anayesa kuwanyengerera, bambo akewo anamuyesa kazitape wa adani. Atasowa chogwira anatembenukira kwa a Lawson.

"Amamvera inu nokha," anatero. "Chonde, muwauze kuti zombo zafika."

Lamlungu masana a Lawson anafotokozera mkazi wawo, yemwe ankasita zovala.

"Ndiye mukufuna mukawanamize?" anafunsa Magdalene.

"Ndi order ya family, amake Chiso. Ine ndi carer chabe."

"Order, order! Susan ndi captain wanu? Kawauzeni zoona madalawo, alire lero, mawa azolowere."

"Akagwanso pa stairs paja, adzayankhe ndani?"

Magdalene anapukusa mutu n'kupitiriza kusita.

Tsikulo litafika, a Lawson anachita sawatcha monga mwa masiku onse. "Bwana, zombo za mfumu zafika padoko." Nkhope ya a Gerard inawala moti zinali zomvetsa chisoni kuiona. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, napesa tsitsi okha, natuluka chilili ngati mnyamata. Koma atafika pagalimoto ya Susan anaima, dzanja lili pachitseko.

"Nanga iwe, Sajeni? Nanga anyamata?"

"Malo ndi ochepa, Bwana."

"Ndiye sindikwera. Ine sindisiya anthu anga pagombe."

Taonani zake matendawa. Munthu wosazindikira mwana wake wobala yekha anaima pamsewu wa ku Coolock kukonza zomwe bwanamkubwa uja analakwitsa kalekale. Susan anayang'ana a Lawson, misozi ili chuchuchu. A Lawson anakumbukira pamlatho paja, ndipo mawu omwe anatuluka pakamwa pawo ankawadziwa mwini wake, kaputeni uja.

"Kuli chombo chachiwiri, Bwana. Ine ndikubwera m'mbuyo mwanumu."

"Walumbira?"

"Ndalumbira, Bwana."

A Gerard anakwera, nachita sawatcha pawindo mpaka galimoto inakhota.

Mawa lake Susan anaimba foni. Oyang'anira nyumba ya okalamba ija anali atapempha kuti mwezi woyamba kuzipita achibale okha, kuti madalawo azolowere nkhope zatsopano. A Lawson anangoti chabwino. Anapatsidwa wokalamba wina ku Coolock komweko, ndipo nyumba yomwe kunali a Gerard inali pafupi, ulendo wa basi imodzi.

"Pitani mukangowaonetsa nkhope pa window, five minutes yokha," Magdalene ankawauza. "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, bambo a Chiso."

"Anena kuti month ithe kaye."

Sikuti zinkawakomera. Chakudya chinasiya kulowa, ndipo kangapo konse anaima pamalo okwerera basi ija n'kuiyang'ana ikudutsa. Koma lamulo linali litaperekedwa, ndipo a Lawson anali asanaphwanyepo lamulo chibadwire. Mwezi usanathe Susan anaimbanso kunena kuti bambo ake atisiya.

Pamaliro panali anthu ochepa. Mapemphero atatha, mayi wina wa ku Zambia dzina lake Aggie, amene ankagwira ntchito kunyumba ya okalamba ija, anamva a Lawson akulankhula Chichewa ndi mkazi wawo, nabwera kudzapereka moni. Sankadziwa kuti iwo ndi ndani.

"Benze ovuta, aba amadala," anatero Aggie. "Tsiku lonse pa window, jacket osavula, maso pa gate. Tikabweretsa lunch, akuti commander sadya asilikali ake asanafike. Tinayesa zonse, a nurse, a doctor, olo Susan, koma ayi. Tikati Sajeni wanuyo sabwera, benze kukalipa maningi."

"Ankati chiyani?" anafunsa Magdalene motsitsa mawu.

"Ati musachotse mbale yake pa table, Sajeni wanga sananamepo. Imwe munam'dziwako Sajeni ameneyo?"

Magdalene sanawayang'ane amuna ake, ndipo mpaka lero sanawakumbutsepo kuti anawachenjeza. A Lawson anaima mowongoka, manja m'mbali, kamvula kakuwanyowetsa mutu wa imviwo.

"Ndikumudziwa, mayi," anatero. "Ankadikira kuti mwezi uthe."