Mkamwini Sawodzera Masana

Alongo anga aakulu anakwatira chikamwini kufupi ndi Nsaru, kwa anthu okonda fodya kuposa munthu. Mutu utayamba kuwasautsa, ndine ndinapita nawo kuchipatala cha mishoni. Adokotala anawamanga lamba pamkono, n'kunena kuti magazi akuthamanga. Anawapatsa timapiritsi toyera: kamodzi patsiku, osadumphitsa, osasiya ngakhale mutu utaleka. Anachenjezanso kuti poyamba tidzawapatsa tulo.

Tulo tinabweradi, ndipo tinabwera nyengo yofukiza fodya. Tsiku lina anawodzera akuyang'anira moto m'chigafa, moto n'kuzima. Palibe tsamba linawonongeka, koma apongozi awo aakazi anapezerapo chifukwa. Poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, anatuma mwana wawo, mlamu wangayo, kukachotsa mankhwalawo kumutu kwa mphasa, apongoziwo n'kuwamanga pansonga ya nsalu.

Nditamva, ndinapita ndili moto.

“Amayi, kodi mankhwala a alongo anga ali kuti?” ndinafunsa apongoziwo.

“Ali pabwino,” anayankha osaleka kusoka fodya. “Adzamwa fodya akatha. Kuno tinalandira mkamwini, osati khanda.”

Ndinatukwana, sindibisa. Koma amene ananditseka pakamwa ndi alongo anga omwewo. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Mlongo, usandipirikitsitse. Ana anga ali pano. Ndikachoka, ndiwaonera kuti?”

Atasiya mankhwala tulo tinatha, ndipo ankagwira ntchito ngati ng'ombe yapagoli. Mudzi wonse unati apongozi awachiritsa ulesi. Mutu ukawagwira ankangomanga kansalu pachipumi.

Alongo anga anagwa akusenza mtolo wotsiriza wa fodya. Anthu aja anayamba apita kumsika, ndipo atagulitsa m'pamene anabwera nawo kwathu pangolo, kamwa litapotoka, mkono ndi mwendo zitafa. Ana awo anatsala konko. Amene ankayendetsa ngoloyo anali malume a mlamu wanga.

“Tabwera naye munthu wanu,” anatero. “Mutsitseni msanga, ng'ombezi zikufunika kumunda.”

Alongo angawo ndinawasamala mpaka imfa, ndipo banja lija ndimadana nalo mpaka lero. Lilime linali litalemera, koma dzina la mwana wawo wamkazi ankalitchula bwinobwino, kutacha, kutada. Ndinayenda ulendo wonse kukapempha kuti mwanayo adzawaone. Mlamu wanga anandilandirira pakhomo.

“Musamusokoneze mwana,” anatero. “Tinamuuza kale kuti bambo ake anamwalira.”