Zimene Nkhosa Yathu Inadya

Ndikukumbukira nkhosa imodzi yokha imene ndinaidziwa isanakhale nyama. Inafika kwathu ku Zandspruit, ku Joni, pa kagalimoto ka munthu wogulitsa ziweto kumsewu wa ku Honeydew, miyendo yomangidwa, ubweya uli mbuu ndi fumbi. Inali yaing'ono, yosakwana chaka. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi anga anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, bambo sindinawaonepo, ndipo m'kanyumba kathu ka malata tinkakhala awiri, ine ndi agogo obereka mayi.

Nkhosayo inali ya tsiku lovundukula mwala pamanda a mayi. Koma tsikulo linalinso ndi nkhani ina, ndipo ndinkaidziwa, chifukwa mwana wosayankhulayankhula akuluakulu amaiwala kuti ali ndi makutu. Amalume a Yohane, mchimwene wa mayi, amene ankawotcherera zitsulo ku Jeppestown, anali atanena kuti mwambo ukatha anditumiza kumudzi ku Ntcheu. Ankati agogo akula, amachoka m'mamawa kupita kuntchito, mwana amatsala yekha, n'chifukwa chake amangoti duu ngati chitsa. Kwathu mawu a malume amalemera. Agogo sanatsutse. Anangogula nkhosa kudakali masabata asanu, n'kunena kuti alendo adzaone okha ngati pakhomo pano zinthu zimasamalidwa kapena ayi.

Agogo ankaphikira banja lina la azungu ku Rosebank, ndipo nyama ya nkhosa ankaidziwa ndi mphuno. Ankati yochokera ku dera louma la Karoo imanunkhira titchire timene imadya kumeneko, moti sifuna zokometsera zambiri. Yonenepetsedwa ndi chimanga m'khola imakhala ndi mafuta oyera, yofewa, koma ilibe nkhani pakamwa. Yathuyi sankadziwa kuti inkadya chiyani kumene inachokera, ndiye ankafuna masabata asanuwo kuti aikonze. Anandipatsa malamulo. Udzu ndizikamweta kumtunda kwa kamtsinje, kumene sikufika madzi oipa. Madeya pang'ono madzulo. Masamba a kabichi ndi makoko a anyezi a pamsika, ayi, chifukwa mafuta ake amadzanunkha ngati wina waphwisa m'tekisi. Tsiku lililonse ankabwera ndi timitengo tonunkhira todula m'dimba la abwana, atatikulunga m'nyuzipepala. Ankafuna kupanga nkhosa ya ku Karoo kuseri kwa malata a ku Zandspruit.

Nkhosayo sinkadziwa za cholinga chimenechi. Timitengo tija inkangotinunkhiza n'kutembenuka. Inkalira tsiku lonse, ikuyang'ana kumsewu. Ndikabwera kusukulu ndinkakhala nayo pamthunzi wa thanki, ndikuichotsa zisoso mu ubweya, dzanja langa n'kumanunkha mafuta ake ofunda. Ndinkalowetsa zala mu ubweyamo n'kumawerenga nthiti. Sabata yoyamba inatha nthiti zikuwerengeka zonse. Mumtima ndinkati nkhosa ikadzakhala yoonda, amalume adzati ndi zomwe ankanena zija.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala aNabanda, amene ankagulitsa usipa wobwera pa mabasi ochokera kumudzi. Matumba akatha, pansi pankatsala mitu ndi zinyenyeswa. Tsiku lina akukutumula thumba anadandaula okha kuti kuno ku Joni timataya chuma, kumudzi zimenezi ndi zimene amanenepetsera nkhumba ndi nkhuku. Sankauza ine. Ndinadikira alowe m'nyumba, n'kuwola zinyenyeswazo m'chitini.

Ndinazisinja ndi botolo, n'kusakaniza ndi madeya ndi kamchere. Tsiku loyamba nkhosa inayetsemula. Lachiwiri inanyambita. Pofika lachinayi inkandithamangira mpaka chingwe kuikoka pakhosi. Usipa sunali pa malamulo a agogo, ndiye ndinkadziuza kuti sindikulakwa, komabe beseni limene inkadyeramo ndinkalitsuka iwo asanafike. Fungo silinandiulule chifukwa mbali yathu yonseyo inkanunkha usipa chaka chonse. Nthiti zinayamba kubisika. Agogo ankaisisita pamsana monyadira, n'kumauza anzawo a kutchalitchi kuti timitengo ta ku Rosebank tagwira ntchito.

Loweruka la mwambo tinapita kumanda m'mawa. Anaimba nyimbo, anachotsa nsalu yoyera, ndipo ndinawerenga dzina la mayi pamwala, zilembo zikadali zakuthwa. Nkhosa inali itaphedwa dzulo lake ine ndili kumpopi, kumene ndinachedwa dala. Titabwerera, anthu anadzaza pabwalo, ena pa makireti, ena pa zitenje. Mafuta atangoyamba kusungunuka m'poto wamkulu, ndinaona agogo akukweza mphuno. Anayang'ana khoma la aNabanda. Kenako analawa msuzi ndi chikombe, n'kukhala kanthawi chikombe chili m'mwamba. Anandiyang'ana kamodzi. Atatero anayamba kupakula.

Amalume anatafuna nthuli yoyamba pang'onopang'ono ngati akufufuza minga. Nyamayo inali yofewa, yonona, koma ukameza, kumbuyo kwake kunkabwera usipa wathunthu. Akazi a amalume ndi amene anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati potoyo anatsukidwa bwino atatha kuphikira nsomba. Amalume anapukusa mutu.

"Mwaona amayi? Si kuti ndikukunyozani. Mwatopa basi."

Agogo, amene mapoto awo munthu ankatha kudzionerapo nkhope, anaweramitsa mutu. "Mwina ndi poto," anatero.

Ankadziwa kuti si poto. Ndinaimirira, mbale ili m'manja. Mawu anga anatuluka okulirapo kuposa mmene ndinkafunira. Ndinafotokoza zonse, za chitini, za botolo, za beseni, za tsiku limene inakana ndi tsiku limene inavomera. Ndinanenanso kuti agogo analetsa kabichi ndi anyezi, koma za usipa sananenepo. Apa aNabanda anaseka mpaka kutsamwa, ena onse n'kutsatira. Bambo wina anati ndi koyamba kudya nkhosa ya ku Mangochi yokulira ku Joni.

Amalume sanaseke. Ankandiyang'ana ngati andiona kumene. Anati sankadziwa kuti ndili ndi Chichewa chochuluka chonchi, kenako anafunsa chimene ndinachitira zimenezo.

"Ndimafuna inenepe, amalume. Kuti musanditumize."

Amalume anayang'ana m'mbale mwawo. Anapempha tsabola. Anathira wambiri, n'kudya nyama yonse mpaka kupsontha mafupa, thukuta lili kamukamu, ndipo ena ataona choncho anachita manyazi kusiya zawo. Pochoka anaima pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kuuza agogo kuti mwanayu ayambe wamaliza sukulu ya pulayimale konkuno, zinazo tidzaona. Sanadzaitchulenso nkhaniyo.

Ndinkayembekezera chibakera kapena mawu, koma potsuka mapoto agogo anangondifotokozera ngati akuphunzitsa wophika mnzawo. Anati chimene nkhosa yadya chimakakhala m'mafuta, ndipo cha nsomba ndi chimene chimakanirira kwambiri, ngakhale uisinthire udzu sabata yathunthu. Ndikanawauza msanga, akanasenga mafuta onse n'kuiviika mu mandimu. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi pa kireti, akupukuta misozi ndi ngodya ya chitenje. Anati masabata asanu akudula mitengo ya abwana mobisa, osadziwa kuti kunyumba kuli wina akuweta nsomba ya miyendo inayi.

Masiku ano nyama ya nkhosa ndimaigula m'sitolo, itakutidwa m'pulasitiki, pamwamba atalembapo kuti iyi inkadya udzu, iyi chimanga, iyi ndi ya ku Karoo. Palibe amafunika kununkhiza. Ana anga sanagwirepo nkhosa yamoyo, ndipo nkhaniyi amaiyesa yopeka. Nkhani za ana amasiye kwathu tsopano zimakambidwa pa gulu la banja la pafoni, aliyense akulemba ali kwake, mwanayo osamuona nkhope. Sindidziwa ngati ine ndikanatha kuyankhula pamenepo.

Kumudzi ndinadzapita ndili wamkulu, pa ine ndekha, kukaona. Ndi agogo ndinakhala nawo zaka zina khumi ndi zitatu. Chakumapeto mano anali atawathera, ndipo ndinkawaphikira ndine, n'kumawanyenyera nyama ndi zala kuti athe kumeza. Asanatsegule pakamwa ankaibweretsa kaye pamphuno, ine n'kudikira ndi supuni m'manja mpaka agwedeze mutu.