Nthenga ya Nkhanga m'Buku la Yobu

Mpaka lero ndikamva fungo la makoko a nandolo akupsa pamoto, ndimapezeka ndili pakhonde lathu ku Mbulumbuzi, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Inali nyengo yokolola nandolo. Bwalo lonse linali mphasa zokhazokha, amayi akupuntha ndi ndodo, fumbi lake likuyabwa pakhosi, ndipo chiperoni chikatsika kuphiri chinkalowa mpaka m'mafupa. Pakona ya khonde, pomwe dzuwa linkafika masana, pankakhala abambo atafunda bulangete lofiira. Matenda a shuga anali atawatha maso, ndipo tsopano anali atatsikira kumiyendo.

Abambo anali ndi Baibulo lakale, lachikuto chosokedwa ndi nsalu ya thumba la ufa, masamba ake onunkha utsi. Asanadwale anayamba kuliwerenga kuchokera ku Genesis, ndipo pomwe alekezera ankaikapo nthenga ya nkhanga. Maso atachita mdima, nthengayo inaima pa buku la Estere. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho ntchito inagwera ine. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamapazi pawo ndisanavule ndi yunifolomu yomwe, n'kumapunthwa pa mayina ovuta, iwo akundikonza ndi Chinyanja chawo chopendekera ku Chilomwe.

Tsiku lina kunabwera amayi a kutchalitchi kudzazonda matenda. Mmodzi wa iwo, mayi wosasunga mawu m'kamwa, ataona buku pamiyendo panga anagwira pakamwa. "Abambo, mukufuna kulitsiriza lonseli? Simunamve kuti wotsiriza Baibulo amazungulira mutu?"

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. "Musade nkhawa, amayi. Ine ndi Mwini wake tinapangana. Sanditenga ndisanamalize buku lake."

Akuluakulu onse anaseka, koma ine ayi. Sabata yomweyo ndinali nditamva amayi akunong'oneza azakhali kuseri kwa nkhokwe kuti kuchipatala cha mishoni anena kuti abambo tingowasamalira kunyumba. Ndinali mwana, koma masamu ndinkawatha. Ngati imfa ikudikira tsamba lomaliza, ndiye kuti amene ndinkaiitana ndinali ine, ndi pakamwa panga pomwe. Alendo atapita ndinapanikiza masamba otsala kuti ndione kunenepa kwake. Moyo wonse wa abambo unakwana pakati pa zala zanga ziwiri.

Kukana kuwerenga sindikanatha, chifukwa ndicho chinthu chokha chimene ankachiyembekezera tsiku lonse. Ndiye ndinayamba kuba. Pamenepo tinali titalowa m'buku la Yobu, munthu wolungama amene anataya ana, chuma ndi thanzi, n'kukakhala paphulusa akudzikanda zilonda. M'mawa uliwonse, ndisananyamule kope, ndinkabweza nthenga ija masamba atatu kapena anayi m'mbuyo. Masana ndinkawerenga mokoka mawu, kunamizira ludzu, kudzuka kukathamangitsa mbuzi zimene sizinafike n'komwe pamphasa. Pogona ndinkalapa, kukacha n'kubwerezanso. Mantha ndinali nawo awiri: kunamiza wakhungu pa buku la Mulungu, ndi kulitsiriza bukulo. Ndinasankha tchimo limene linkasiya abambo ali moyo.

Zimene ndinkawerengazo sindinkazimva n'komwe. Anzake a Yobu ankangolankhula, wina akatha wina n'kuyamba, ngati anthu pa mlandu wa malire a munda. Tsiku lina ndinatopa nawo. "Abambo, kodi Yobu analakwa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga bwanji Mulungu analola?"

Anatembenuzira nkhope kudzuwa. "Funso limenelo ndinawafunsa abusa ndili mnyamata. Anandiyankha bwino kwabasi, koma pofika kunyumba ndinapeza funso lija lidakali m'thumba."

Nandolo anatha kupunthidwa. Ogula a panjinga anabwera ndi masikelo awo n'kupita, mango anagwetsa maluwa, mphepo inayamba kutentha, Yobu adakali paphulusa. Nthenga ndinkaibweza, koma matenda sankabwerera m'mbuyo. Mapazi anatupa mpaka kuwala, phala linkabwerera kukhitchini losakhudzidwa, ndipo bulangete lija linkaoneka kukula tsiku ndi tsiku. Ndinayamba kubweza masamba khumi. Sizinathandize. Ndinkakalirira kumjigo, kumene nkhope yonyowa siidabwitsa munthu, ndipo m'kalasi ndinkangoyang'ana pazenera, kuopa kuona wina akubwera kudzanditenga.

Masana ena otentha, nditangotsegula buku, abambo anatambasula dzanja, kufufuza mpaka anapeza mutu wanga. "Esinati, mwana wanga, Yobu wakhala paphulusa miyezi iwiri tsopano. Ngakhale Satana sanamusunge chonchi. Tamulola munthuyu achire."

Ndinalira kulira kwa pamaliro. Ndinaulula zonse, mawu akuduka, mamina ali chuchuchu: kuti tikamaliza iwo amwalira, kuti anatero okha pamaso pa alendo. Anandikokera pachifuwa pawo, pomwe panali patangotsala nthiti, ndipo ndinamva kuti akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ndiye wakhala ukulimbana ndi Mulungu wekhawekha, ndi nthenga ya nkhanga?" Anandipukuta ndi nsonga ya bulangete. "Werenga, mama. Ndikufuna mathero ake ndiwamve ndi mawu ako."

Tsiku limenelo tinamutsiriza Yobu, dzuwa lisanalowe. Abambo anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, mvula yoyamba isanagwe, tili koyambirira kwa Masalimo.

Kwa zaka zambiri ndinasunga mlandu mumtima. Nthawi zina ndinkati Mulungu anaphwanya pangano, nthawi zina ndinkati analiphwanya chifukwa cha kuba kwanga. Ndinali kale mayi wa ana awiri pomwe ndinawauza amayi, tikusenda nandolo wamuwisi pakhonde lomwe lija. Anaika lichero pansi. "Iwe, zimenezi wayenda nazo zaka zonsezi? Abambo ako anali atalitsiriza kawiri iwe usanabadwe. Ankati akafika kumapeto amapeza kuti sanalimve, n'kuyambiranso. Bukulo ankalitcha munda wosatha kulima."

Mwana uja wa mu Sitandade 4 ankaganiza kuti Baibulo ndi msewu, ndipo kumapeto kwake kuli manda. Tsopano ndikudziwa kuti abambo ankangoseka ndi alendo, monga amasekera munthu wodziwa kuti ulendo wayandikira, ndiponso kuti anamvetsera Yobu miyezi iwiri osadandaula chifukwa wowerenga ndinali ine. Bukulo lili ndi ine. Ndalitsiriza kamodzi, mutu sunazungulire, ndipo funso lija nanenso ndili nalo m'thumba. Nthenga idakali pomwe tinalekezera. Ndikafika pamenepo ndimatembenuza tsamba mosamala, osaibweza m'mbuyo, osaipititsa patsogolo.