Agogo ndi Munthu wa Makwerero

Ndikamva fungo la gazolina ndimawaona agogo a Zakariya atakhala pabenchi m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika wa ku Furancungo, chipewa chili pabondo, utsi wa jenereta ukulowera m'mipata ya matabwa.

Agogo anagontha nthawi ya nkhondo, bomba litaphulika pafupi ndi chigafa cha fodya chimene ankamanga. Pobwerera kuchokera ku Malawi, kumene anathawira nkhondoyo, n'kuti atasiya kucheza. Anthu ankatopa kuwakuwira m'khutu, choncho pamaliro ndi kutchalitchi ankangowapatsa mpando n'kuwaiwala.

Lamlungu lina masana mayi anawatuma kudzanditenga ku vidiyo, poti ndinali nditazemba kotunga madzi. Tsikulo zokuzira mawu za a Mateyu, eni malowo, zinali zitapsa, ndipo anaika kaseti yakalekale, yopanda mitundu, ya anthu osalankhula. Anyamata ankang'ung'udza. Pakanemapo panali kamunthu kowonda katasenza makwerero. Kakacheuka, kagwetsa wapolisi, kakacheukanso kuti kapepese, kagwetsa mkwati m'matope.

Woyamba kuseka anali agogo, ali chiimire pakhomo. Chinali chiseko chachikulu, chosasamala, chimene ine ndinali ndisanachimvepo.

"Ameneyu makwerero amawadziwa!" anakuwa, monga amachitira ogontha. "Wosawadziwa sangalakwitse bwino chonchi. Muzimuyang'ana phazi, osati nkhope!"

Anthu anawasunthira pabenchi n'kuyamba kuyang'ana phazi. Koma pamene a m'filimuwo anayamba kugendana makeke kumaso, agogo anauma nkhope.

"Apa ndiye alakwitsa. Ufa wonsewo! Awa njala sanaione."

Kuyambira pamenepo anyamata ankachita kudzawatenga kunyumba Lamlungu lililonse. Kasetiyo inali imodzi yomweyo, koma agogo sankasowa chatsopano chotolamo, ndipo anthu ankawafunsa ndi manja, iwo n'kumayankha mpaka kumsika.

Kenako a Mateyu anabwera ndi zokuzira mawu zatsopano kuchokera ku Tete.

"Agogo, lero kuli yeniyeni, yolankhula!" anatero, akuwalozera malo akutsogolo.

Agogo anakhala. Anayang'ana milomo ikutakataka pakanema, anayang'ana anthu akuseka zimene amva. Kenako anavala chipewa n'kutuluka. Sanapitekonso, ndipo palibe anadzawatenga.

Lero kwanga kuli televizau. Nthawi zina ndimaizimitsa mawu n'kumayang'ana mapazi a anthu. Ana anga amadandaula kuti sakumva kanthu. Ndimawasiya adandaule pang'ono.