Namawanga Anapulumuka pa Vesaki

Ndikukumbukira, ine Esinati, ndikukumbukira ngati dzulo! Sukulu ndinalekezera sitandade 3, cholembera chimanditerera m'manja, koma nkhani iyi ndiilemba ndithu, ngakhale zilembo zikhote.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'ma 1970 mommo. Bambo anali dalaivala wa bwana wina wa kwathu ku Malawi amene ankagwira ntchito ku bungwe lalikulu ku Nairobi, ndipo ife tinkakhala m'kanyumba kakuseri ku Westlands. Chuma changa chinali chimodzi: nkhuku yathadzi, Namawanga. Bambo anabwera naye kuchokera ku Kahawa ali kamwanapiye, ine n'kumlera ndi misere ya m'dzanja langa.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala banja la ku Sri Lanka, a chipembedzo cha Buda. Mayi wa pakhomopo tinkawatchula Mama Kumari, potengera dzina la mwana wawo. Mwezi ukakhala wathunthu kumwamba, mwezi ndi mwezi, iwo ankavala zoyera n'kumaimba motsitsa m'nyumba, fungo la lubani likudumpha mpanda. Koma wa Meyi, mvula ili pakati, ndiwo unali mwezi wa chikondwerero chachikulu, Vesaki. Chaka chimenecho anatiitana.

Amayi anati, “Kuphwando sapita chimanjamanja. Esinati, gwira nkhuku ija.”

Mayo ine! Ndinalira, ndinagubuduka pansi, ndinati tengani ndiwo zamasamba, tengani mazira. Amayi anangoti, “Nkhuku si m'bale wako. Pukuta mamina tizipita.”

Anamanga Namawanga miyendo ndi chingwe, n'kukulunga mpeni m'chitenje. Ankati mayi wa manja osalala ngati uja sangathe kuzinga nkhuku, amuthandiza okha. Ine pambuyo, Namawanga m'khwapa, mtima wake gu gu gu, wanganso gu gu gu.

Pakhomopo, ha! Nyali zamapepala zili lendelende m'khonde, zofiira, zachikasu, zoyera, michira yake ikuvina ndi mphepo. Patebulo maluwa mbwee, ndi mpunga wophika ndi mkaka wa kokonati, woduladula ngati sopo. Amayi anagwada monga mwa kwathu, n'kupereka nkhuku ndi manja awiri. Kenako anasolola mpeni uja, ng'anii!

Mama Kumari anagwira pakamwa. “Hapana, Mama Esinati, ayi, ayi! Lero ndi tsiku limene Buda anabadwa, limene anazindikira choonadi, limenenso anamwalira. Lero sitipha ngakhale nyerere.”

Amayi anachita manyazi, maso pansi, mpeni osadziwa pouika. “Pepani mayi, sindinafunse. Koma kwathu mphatso sabweza. Mukaikana, ndiyenda bwanji pamsewu?”

Pamenepo zinakumana, anthuni! Mama Kumari kubweza sangabweze, kupha sangaphe. Ine maso ali pa Namawanga.

Mama Kumari anaseka, n'kugwada nawonso pafupi ndi amayi. “Ndalandira. Kwathu patsikuli timamasula mbalame ndi ziweto zoti zikanaphedwa. Kuno ndinalibe choti ndimasule, inu mwandibweretsera.” Ndiye anatenga mpeni womwewo, mpeni wa amayi womwewo, n'kundipatsa ine. “Dula chingwe, mwanangu.”

Ndinadula, phwa! Namawanga anadzikung'untha, anatiyang'ana tonse ndi diso limodzi, anatola kampunga kamene kanagwa pansi, basi n'kulowa pa kabowo ka mpanda kubwerera kwathu, akuyenda monyang'wa ngati mkwatibwi. Nthungululu ndinaimba ine, lululululu, mpaka agalu a mu Westlands anayankha!

Chigonjetso chenicheni chinadza pa Khirisimasi. Bambo ananola mpeni, akuyang'ana Namawanga atanenepa. Amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno. “Bambo a Esinati, nkhuku ya eni imeneyo. Ndinaipereka ndekha, nditagwada. Mukufuna atitche akuba m'dziko la eni?” Bambo anang'ung'udza, nakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, kukagula nyama ku butchala.

Motero Namawanga ankadya kwathu, kugona kwathu, kuikira kwathu, koma mwini wake ali kuseri kwa mpanda. Vesaki inabwera kanayi iye akupalasabe pansi pa nyali zija. Anafa ndi ukalamba, nkhuku kufa ndi ukalamba, munamvapo?

Ine ndine Mkhristu, wa kwaya ya amayi, ndipo nkhuku ndimadya, sindinama. Koma tsopano ndikudziwa kuti usanapite ku phwando la mnzako, uyambe wafunsa chimene chimakondweretsa mtima wake. Ndipo mwezi wa Meyi ukakhala wathunthu, adzukulu anga amadziwa kale: tsiku limenelo pakhomo pa agogo mpeni umadula chingwe chokha.