Kabotolo ka Mumtsuko

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anayamba kuwonda. Tinkakhala ku Bundabunda. Amayi anga anali atamwalira, ndipo atate anali atakwatira Ba Loveness. Atatewo ankamwa madzi osakhuta, lamba wawo akungobooledwa mabowo atsopano. Azakhali, mlongo wawo wa atate, anandikokera pambali tikuchokera kutchalitchi.

"Uzimuyang'anisisa uja mukazi," anatero. "Pali vamene amudyesa tate wako."

Ndinayamba kuwazonda Ba Loveness. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu, ndinaona kuti m'mawa ndi masana Ba Loveness ankalowa kuchipinda ndi kapu ya madzi, n'kutuluka nayo yopanda kanthu. Tsiku lina atapita kudimba ndinalowamo. Pakona panali mtsuko waukulu, mkati mwake muli kamtsuko kena, pakati pake mchenga wonyowa. Nditavundukula kansanza, ndinapeza kabotolo kozizira, kotalika ngati chala, kokhala ndi timadzi totuwa. Zolembedwapo sindinazimve. Mumtima ndinati ndawagwira.

Ndinakabisa pamwamba pa khoma la khitchini, pansi penipeni pa lata, kuti Lamlungu ndikaonetse azakhali.

Madzulo Ba Loveness anasanthula nyumba yonse. Ankafunsa aliyense ngati analowa kuchipinda, koma osatchula chimene chasowa. Kubisa kumeneko kunandilimbitsa mtima, ndipo ndinakana maso ali gwa.

Tsiku lotsatira atate sanapite kudimba. Pofika masana anali chigonere pamphasa, milomo itauma, akulankhula mosamveka. Ndinkayembekezera kuti popanda kabotolo kaja apeza bwino, koma zinkangoipiraipira. Mantha anandigwira. Ndinakwera pampando n'kukatenga. Kanali kotentha ngati dzira lophika kumene, ndipo timadzi tija tinali titaundana timibulu tomatirira kugalasi.

Ba Loveness anakayang'ana nthawi yaitali. Sanandimenye.

"Ni mankwala ya shuga, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ya nyeleti, ya jekeseni. Batate bako sibafuna kuti bantu baziwe."

"Balaseni manje," ndinatero ndikulira.

"Yaonongeka. Yakapya na zuba siyasebenza, olo uyabweze mu mtsuko."

Anathamanga kukapempha ngolo kwa aneba, n'kunyamula atate mpaka kumsewu, kumene anakwera minibasi ya ku Chongwe. Atate anakhala m'chipatala masiku anayi. Masiku onsewo ndinkadikira kuti akabwera andifunsa. Sanandifunse. Ndinadzamva patapita zaka kuti Ba Loveness anadzinamizira kwa atate kuti kabotoloko anakaiwala okha padzuwa.

Atabwerako, Ba Loveness anandiitanira kuchipinda n'kundionetsa zonse: kuthira madzi mumchenga kuti usaume, kusaika mankhwala pawindo kapena pafupi ndi moto, kuwayang'ana kaye ngati sanasinthe maonekedwe. Azakhali sanapepese. Mpaka imfa yawo ankakanabe chakudya cha m'nyumba mwathu.

Lero ndimakhala ku Silverest, ndili ndi firiji, koma magetsi akathima m'chilimwe ndimayamba kuganiza za mankhwala ndisanaganize za nyama. Ndikudziwa tsopano kuti kutentha kumapha mankhwala mwakachetechete, nthawi zina osasintha ngakhale mtundu. Ndikudziwanso kuti mayi uja analolera kutchedwa mfiti kuti asunge chinsinsi cha mwamuna wake, kenako anasenzanso mlandu wanga. Ndinayamba kuwaitana kuti amayi ndili ndi ana anga kale. Ndinachedwa kwambiri.